Kukuwa kwa Agogo Nyazimba

Ndikawakumbukira agogo anga a Nyazimba, utsi wa nkhuni zonyowa umandibwerera m'maso pamodzi ndi fungo lokanda kukhosi la fodya wopachikidwa m'chigafa, koma chimene chimayamba kufika ndi mawu awo. M'mawa uliwonse kwathu ku Chikomeni, mame asanaume pa udzu, nkhuku zikungotuluka kumene m'khola, agogo ankaima pakhomo la khitchini chikho chili m'manja, n'kukoka mpweya wodzaza chifuwa, kenako n'kuumasula: "A Mtongaaa! Madzi atentha! Mukufuna azizire kuti muzindinena?" Nkhuku zinkangoti balala, galu wathu n'kulowa pansi pa nkhokwe, ndipo amayi otunga madzi kuchitsime, kutali ndithu, ankayang'anana n'kupukusa mitu. Sanali mawu okoma, ndisakunamizeni. Anali okhakhala, osasa, obaya m'khutu ngati khasu likakhula pamwala.

A Mtonga amene ankaitanidwawo anali amuna awo, agogo anga aamuna, amene potsata Chitumbuka cha pakhomo tinkawatchula kuti asekulu. Ine ndinalowa m'nyumba mwawo ndili wamng'ono, amayi atangomwalira, bambo atalowera ku Lusaka osacheukanso. Masiku oyamba ndinkathawira kuseri kwa chigafa agogo akangotsegula pakamwa. Sindinkamvetsa kuti manja amene ankandisambitsa mofatsa, kundichotsa minga kuphazi osandipweteka, angakhale a munthu wolusira mwamuna wake chonchi. Ngakhale kwa ine ankalankhula mokweza, pakuti khosi linali litazolowera, koma kwa asekulu ankachita kukuwa.

Asekulu anali munthu wamtali, wodekha, wa jekete limodzi lakuda limene ankalisamala kuposa thupi lawo. Anali mkulu wa mpingo, ndipo kutchalitchi ankakhala kutsogolo. Anthu okangana m'banja, olimbirana malire a minda, onse ankabwera kwa iwo. Ankawalandira pansi pa mtengo wa mango, atakhala pampando wawo wachikopa, dzanja lili pachibwano, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Mlendo akamalankhula, agogo sankasowa ntchito pafupi: mwina kuswa mtedza, mwina kupeta mphale, makutu ali tcheru. Mlendoyo akangomaliza, ankalumphira nkhani asekulu asanatsegule pakamwa.

"A Mtonga! A Nkhata akukuuzani kuti mlamu wawo walima mizere yawo ya kumalire, inu mwangoti duu! Ayankheni!"

"Ndamva, Nyazimba, ndamva," asekulu ankatero mosatekeseka. "Ndimaganiza kaye."

Ndiye ankayankha mwanzeru, mlendo n'kubwerera mtima uli m'malo. Koma pobwererapo, m'njira, tinkamva akunong'onezana: "Bambo uja ndi munthu wa Mulungu. Koma mkazi, mayo ine!"

Chinsinsi chawo ndinachitulukira mwangozi. Tsiku lina ndikuchokera kuchitsime ndinaterereka kumbuyo kwenikweni kwa asekulu, chidebe chachitsulo n'kugwera pamiyala, phokoso lake mpaka mbuzi kudula chingwe. Asekulu anapitiriza kusema mpini wawo, osaphethira n'komwe. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Nditatembenuka ndinaona agogo akundiyang'ana. Anandigwira dzanja n'kundikokera m'chigafa, pakati pa masamba olendewera.

"Temwani, waona chiyani?"

"Asekulu sanamve."

"Sunaone kanthu iwe."

Anandikhazika pansi n'kundiuza zonse. Asekulu ali mnyamata anagwira ntchito kumigodi ya ku Kopala, kubowola miyala pansi pa nthaka ndi makina aphokoso, ndipo anabwerako makutu atayamba kufa. Lakumanja linatsekeka kalekale. Lakumanzere linatsala kachibowo kakang'ono, ndipo mawu okhawo amene ankalowamo anali a agogo, chifukwa anakhala zaka akuwasula mpaka anapeza makuwidwe ake. Kukalipa konse kuja kunali kuwabwerezera zimene mlendo wanena.

"Anthu akadziwa," agogo anatero, "awachotsa kutsogolo, awakhazika kumbuyo ndi ana, aziwatcha gonthi. Ng'ombe alibe, ana tinaika m'manda, atsala ndi mpando uja basi. Ine andinene. Khungu langa ndi lolimba."

Ndinasunga pakamwa panga, ngakhale kuti nthawi zina pankatentha. Panatentha kwambiri ndili giredi seveni. Aphunzitsi athu a Chingerezi anali a Lungu, mnyamata wokonda mawu akuluakulu, woyenda ndi dikishonale yothothoka chikuto m'khwapa. Tsiku lina analemba pabolodi liwu lakuti strident, natiuza kuti tilitchule mobwereza mpaka malilime atazolowera. Kenako analimasulira.

"Si mawu okwera chabe ayi," anatero. "Belu la tchalitchi limakwera, koma limakoma. Awa ndi mawu okwera ndiponso okhakhala, opweteka khutu, amene sakupempha kuti uwamve koma akukukakamiza. Wenzulo ikalira pafupi nawe, kapena mabuleki a lole yakutha. Limanenanso munthu wolimbikira maganizo ake mwaukali, wosapatsa mnzake mpata. Ndani atipatse chitsanzo?"

Sukulu yathu inali kutsidya kwa dambo, moyang'anana ndi kwathu. Abale inu, tsoka lilipo! Nthawi yomweyo mphepo inalowetsa pawindo mawu odziwika bwino: "A Mtongaaa! Mbuzi zalowa m'dimba!" Mnyamata wina dzina lake Yotamu anakweza dzanja msangamsanga.

"Agogo ake a Temwani, sala!"

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. A Lungu anayesa kudzigwira, analephera, kenako anati chitsanzocho chinali cholondola koma si bwino kutchula anthu. Anali atachedwa. Pofika nthawi yoweruka, agogo anali atasanduka Gogo Sitiraidenti, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka kwa anthu akuluakulu osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Yotamu ndinamuluma pamkono tsiku lomwelo, ndipo sindinapepese, sindidzapepesanso.

Madzulo ake tikusoka fodya, manja akuda ndi utomoni wake wowawa, ndinawafotokozera agogo misozi ili m'maso. Anayesa kulitchula liwulo, lilime linakana, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ha! Ndiye ndafika mpaka m'Chingerezi, ine wosaponda m'kalasi? Ati likutanthauza chiyani?"

"Mawu opweteka m'khutu, agogo. Okakamiza."

"Nanga asekulu ako akumva?"

"Akumva."

"Ndiye soka fodyayo, usandiwonongere masamba ndi mamina."

Nditakula ndakumana nalo liwu limeneli m'manyuzipepala ndi m'mabuku, ndipo kawirikawiri ndimapeza atamupachika nalo mkazi amene wakana kutsitsa mawu. A Lungu sananame, anamasulira bwino. Koma liwulo limanena zimene khutu la munthu wodutsa m'njira likumva, silifunsa kuti wokuwayo akukuwira ndani. Ndipo anthu akwathu sanafunikire Chingerezi kuti awaweruze agogo.

Mavuto anabwera ndi mlongo wawo wa asekulu, a Nyamtonga, amene ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pa Msika wa Lundazi. Anabwera kumudzi pamene alendo anadzafunsira mbeta mwana wa mchimwene wawo wina, ndipo nkhaniyo inakambidwa pansi pa mango paja. Alendo ofunsira mbeta amalankhula chapansipansi, mwaulemu, ndiye tangoganizani ntchito imene agogo anali nayo tsiku limenelo. Chilichonse chimene alendowo ananena, agogo anachibwereza mokalipa kuchokera kukhitchini. A Nyamtonga, amene nawonso sankadziwa za makutu, anachita manyazi kwambiri. "Achimwene anga asanduka kapolo m'nyumba mwawomwe," anatero, ndipo asanakwere basi yobwerera anakadandaula kwa amayi a mpingo.

Amayiwo anabwera Lachinayi masana, atavala mabulauzi awo oyera, n'kukhala pamphasa kuseri kwa nyumba. Wotsogolera anali a Nyajere, amene nyumba yawo inali yoyandikana ndi yathu. Sanali munthu woipa. Ndiwo ankatipatsa mchere ukatithera. Atapemphera, analankhula mofatsa kwambiri, ine ndikuwagawira thobwa.

"Nyazimba, mnzathu, mkazi amalankhula ndi mwamuna wake atagwada, mawu ali pansi. Atsikana tiwalangiza chiyani pamene mkazi wa mkulu wa mpingo akukalipira mwamuna wake pamaso pa alendo? Akuluakulu anena kuti zikapitirira, inu muimitsidwa mgonero, ndipo a Mtonga atula ukulu, chifukwa nyumba yawo yawakanika."

Ndinawayang'ana agogo, mtima ukufuula kuti nenani, nenani kuti samva! Akanangotero, amayi onse aja akanagwira pakamwa. Koma ndinaonanso msampha wake. Akapitiriza kukuwa, asekulu ataya mpando. Akanena chifukwa chake, autayabe. Agogo anatembenukira kumtengo wa mango. Asekulu anali pompo, akumwetulira ndi kukweza dzanja kwa alendowo, poganiza kuti abwera kudzawapempherera miyendo imene inali itayamba kutupa. Agogo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaweramitsa mutu.

"Yewo," anatero, kuthokoza mwa Chitumbuka. "Ndamva."

M'mawa mwake anawatenga asekulu kupita kumunda wathu wakutali, kuseri kwa phiri, kumene kunalibe khutu la munthu, ine ndikutsatira ndi makasu. Kumeneko anaima kumanzere kwawo n'kuwakuwira zonse zimene zinanenedwa. Asekulu anakhala pamzere, chipewa chili pabondo.

"Ndiwauza ndekha Lamulungu," anatero. "Ndiimirira pamaso pa mpingo. Sungavutike chifukwa cha ine."

Lamulungu anaimiriradi, jekete litasitidwa bwino. Anayang'ana anthu, anthu n'kuwayang'ana mwaulemu uja anauzolowera. Za makutu sanazitchule. Analengeza za tsiku lokalima kumunda wa mpingo, n'kukhala pansi. Lamulungu lotsatira anachitanso chimodzimodzi. Ndinkawakonda asekulu, koma pamenepa ndinawakwiyira, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathe wonse. Agogo sanawakumbutse ngakhale kamodzi.

Pakhomo pathu panangoti zii. Agogo ankagwada pafupi ndi mpando, n'kulankhula chapansipansi monga analangizidwira, asekulu akuyang'anitsitsa milomo yawo, kuyesa kutola kanthu. Ine ndinayesa kukuwa m'malo mwawo, pakuti mwana saimitsidwa mgonero, koma kamawu kanga kankangodutsa pambali osalowa. Miyendo itatupiratu, ulendo wa kumunda wakutali unatha, ndipo anthu awiri okhala m'nyumba imodzi anasowa pochezera. Obwera ndi milandu asekulu ankangowauza kuti, "Pempherani, mubwere tsiku lina." Ena anayamba kunena kuti mkuluyo wayamba ulesi.

Kenako linafika tsiku limene sindifuna kulikumbukira. Unali m'mawa wa nyengo yozizira, utsi utagona pamadenga osakwera. A Nkhata, aja a mlandu wa malire, analowa pabwalo chipewa chili m'manja, n'kugwada patsogolo pa asekulu. Kwathu maliro amayamba anenedwa kwa mkulu, iye ndiye amatuma anyamata kukauza midzi ndi kukakonza kumanda. A Nkhata ananena ndi mawu a munthu wosweka mtima, osamveka bwino ngakhale kwa ine, kuti kamwana kawo kakang'ono katisiya m'bandakucha.

Agogo anali pakhomo la khitchini ndi mphika m'manja, ndipo anamva. Ndinaona chifuwa chawo chikudzaza mpweya. Koma a Nyajere anali pomwepo akusesa pabwalo pawo, ndipo miyezi yonse ija ya kudzigwira inali italowa m'thupi. Agogo anazengereza kamphindi kakang'ono chabe. Asekulu, poona munthu wagwada ndi chipewa m'manja, anaganiza kuti wabwera kudzathokoza za malire aja. Anamwetulira mano onse pamtunda.

"Yewo, yewo, a Nkhata. Zakhala bwino. Ine ndinadziwa kale kuti zitha chonchi."

Mphika unagwa m'manja mwa agogo. A Nkhata anaimirira pang'onopang'ono, anawayang'ana asekulu ngati sanawaonepo, n'kuchoka osatsanzika.

Agogo anawagwira dzanja asekulu n'kuwalozera kumene kulira kunkachokera, akupukuta maso ndi chala kuti amvetse kuti kwagwa maliro. Asekulu anavala jekete n'kupita, akutsimphina, osadziwa chimene anayankha. Koma nkhani inali itawatsogolera. Mkulu uja waseka imfa ya mwana. Wanena kuti anadziwa kale. Anadziwa bwanji? Kwathu funso lotere silithera pakamwa, limathera pa nyumba yotenthedwa. Pofika masana, amuna amene anakhala pafupi ndi asekulu pansi pa mtengo anali atasuntha mmodzimmodzi, mpaka anatsala okha pakati pa bwalo lopanda munthu. Anyamata obwera kuchokera kumanda ankawayang'ana cham'mbali, makasu ali paphewa. Liwu lakuti mfiti ndinalimva ndi makutu angawa.

Agogo anali m'nyumba ya siwa ndi amayi anzawo. Anatuluka, n'kuyenda molunjika mpaka pakati pa amuna, kumene mkazi safikako pamaliro. Anamanga chitenje mwamphamvu. Ndipo mawu aja, amene anakhala otsekeredwa miyezi yonseyo, anatuluka onse.

"Samva! A Mtonga samva! Makutu awo anafera kumgodi ine ndili mtsikana! Sanamve chimene a Nkhata ananena! Zaka zonsezi mumati ndimawakalipira, ndimawauza zimene inu mukunena! Ufiti wake uti? Ndi ugonthi basi!"

Nyimbo m'nyumba ya siwa inaduka. Koma ine maso anga anali pa asekulu, chifukwa ndinadziwa chinthu chimene ena sanachiganize: pa anthu onse a dziko lapansi, mawu amene iwo ankatha kumva anali amenewo. Anamva liwu lililonse. Anaimirira movutikira, anavula chipewa, anapita pamene panakhala a Nkhata n'kugwada ndi miyendo yotupa ija.

"Ndi zoona," anatero. "Mwana wanga, ndikhululukire. Sindinamve."

A Nkhata analira, n'kuwadzutsa ndi manja awiri. Nkhani ya ufiti inathera pomwepo. Koma patapita masabata ochepa akuluakulu a mpingo anabwera, mwaulemu wonse, kudzawauza asekulu kuti agwira ntchito yaikulu, tsopano apumule. Kutsogolo kunakhala wina. Milandu inayamba kupita kwina. Kwa agogo sikunabwere munthu kudzanena kuti tinakulakwirani, kapena kuti tsopano kuwani momwe mungafunire. A Nyajere anangotumiza mbale ya ufa ndi nkhuku.

Agogo anayesa kuyambiranso. M'mawa wina anaitana za madzi osamba monga kale, koma asekulu anakweza dzanja.

"Usavutitsenso khosi lako, Nyazimba. Palibe chimene ndikufuna kumva."

Sananene mokalipa. Mpaka lero sindidziwa ngati anakwiyira agogo kapena anadzikwiyira okha. Mpando wachikopa unalowa m'nyumba, iwo n'kumakhala kuchipinda, kuyang'ana khoma. Agogo ankawabweretsera chakudya, kuwakhudza paphewa, kuwasisita miyendo ndi madzi ofunda, zonse mwakachetechete. Agogowo ndinkawapeza kuseri kwa chigafa atangokhala, manja ali pamiyendo, ndipo mtima unkandiwawa kuposa pamene ankanyozedwa.

Asekulu anadwala kwambiri mvula itagwa, chimanga chitayamba kumasula. Maso nawo anachita khungu. Tsiku lomaliza, masana, nyumba inadzaza amayi a mpingo, a Nyajere ali pomwepo, a Nyamtonga atabwera kuchokera ku boma, onse akuimba chapansipansi monga amachitira pa wodwala amene watsala pang'ono. Manja ambiri anali atawagwira asekulu tsiku limenelo, moti sankadziwanso kuti dzanja ili ndi la yani. Anayamba kupapasa pamphasa.

"Nyazimba," anatero ndi mawu otha mphamvu. "Nyazimba wapita? Wandisiya. Ndinamulakwira mkazi uja."

Agogo anali kumiyendo kwawo. Anakwawa mpaka kumutu, anakankha a Nyamtonga ndi chigongono, anaika pakamwa pafupi ndi khutu lakumanzere.

"Ndilipo, a Mtonga! Ndipite kuti ine?"

Khanda limene linali kumsana kwa mayi wina linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Nyimbo inaima. Nkhope ya asekulu inamasuka ngati ya mwana amene wapeza amake pamsika.

"Eya," anatero. "Ndiwe. Nenanso."

Ndiye agogo anayamba. Sananene zakumwamba, sananene zokhululukirana. Anawakuwira kuti mvula yagwa bwino chaka chino, kuti chimanga cha kudimba chamasula, kuti denga la chigafa likudontha ndipo munthu amene analifolera ndi waulesi, kuti Temwani wakhoza mayeso apita ku sekondale, kuti mbuzi yaikazi ija yaswa mapasa. Misozi inkatsikira m'khosi, mawu akusasa, koma sanatsitse. Asekulu ankangoti, "Eya. Eya." Palibe mayi ngakhale mmodzi amene anawaletsa. A Nyajere anaphimba nkhope ndi chitenje. Asekulu anatisiya agogo ali pakati pa nkhani ya mbuzi, ndipo agogo anaimaliza nkhaniyo asanalole kuti wina awatseke maso.

Patapita masabata angapo maliro atatha, ndikutsuka mbale pathandala, ndinamva wina akuitana kumbuyo kwanga: "Temwani, tabwera undisenzetse mtolo uwu." Anali mawu aang'ono, ofewa, okoma ndithu, a munthu amene sindinamumvepo. Ndinayang'ana kunjira kuti ndione mlendoyo. Kunalibe munthu. Anali agogo, ataima pafupi ndi nkhuni.

"Agogo, mawu amenewa munawabisa kuti?"

"Ndi anga akale," anatero. "Ndili mtsikana ndinkatsogolera nyimbo pazikwati. Asekulu ako anandimva ndikuimba asanaone nkhope yanga, n'kufunsa kuti mwana ameneyo ndi wa kwa yani." Anakonza nkhata pamutu. "Atabwerako kumgodi sakanawamvanso. Ndikanawasungira chiyani pakamwa? Tiye, nyamula uko."

Anakhala zaka zingapo pambuyo pake, ndipo sanakwezenso mawu, ngakhale mbuzi zitalowa m'dimba. Ndinkachita kuwerama kuti ndiwamve. Akazi okwatiwa kumene m'mudzimo ankawatcha agogo ofatsa aja, ndipo ena mwa amene anaona zonse ankati ukalamba wawaphunzitsa ulemu. Ndikamva zimenezo ndinkatuluka panja, kuopa kuti ndinganene zoti n'kuimitsidwa nazo mgonero inenso.

Lero ndimakhala ku boma, ndili ndi ana anga, ndipo amandidandaula kuti ndimalankhula ngati ndikuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Sindikana. Pamsika nthawi zina ndimamva mayi wina akukuwira nkhalamba yake za mtengo wa tomato kapena za basi imene ikuwasiya, anthu akutsonya ndi kupukusa mitu. Ine sinditsonya. Ndimayang'ana nkhope ya nkhalambayo, ndipo ndikaona ikugwedeza mutu kuti yamva, ndimapita kuseri kwa matumba a makala kukapukuta maso.